Chovala Chatsopano cha pa Khrisimasi: Mbiri ya Mwambo Umene Sitidaulamule

Mwezi wa Disembala ukangolowa, atelala a pa makonde a masitolo sagonanso tulo. Makina amalira mpaka usiku, ndipo pa chingwe pamalendewera madiresi a ana, malaya ndi timakabudula, chilichonse chili ndi kapepala ka dzina la mwini wake. Ku misika ya kaunjika mabelo amatsegulidwa mbandakucha anthu atazungulira kale. Palibe episkopi amene adalamula kuti mkhristu avale chatsopano pa tsiku la kubadwa kwa Ambuye, ndipo m'katekisimu mulibe funso lotere. Komabe lamulo losalembedwali limasungidwa koposa malamulo ambiri amene tidalemba. Wansembe aliyense amene wakhalitsa pa parishi ya kumudzi akudziwanso mbali ina ya nkhaniyi. Pa Misa ya Khrisimasi pamakhala mabanja ena amene saoneka, osati chifukwa cha matenda kapena mtsinje wodzaza, koma chifukwa ana alibe chovala, ndipo mayi wawo sangapirire maso a anzake. Amadzabwera Lamulungu lachiwiri kapena lachitatu la Januwale, zatsopano za anzawo zitayamba kufwifwa.

Ena a ife timayankha ndi ulaliki wodzudzula, kunena kuti Khrisimasi si malaya, si mpunga, si nkhuku. Ena timangopukusa mutu, nkumati ndi za dziko, zidzatha zokha. Mayankho awiriwa ali ndi chilema chimodzi: amayesa kuti mwambowu ndi mlendo m'Eklezia, kuti udabwera dzana pamodzi ndi masitolo. Koma tikafukula mbiri tipeza kuti chovala chatsopano cha pa Khrisimasi nchakale kwambiri, ndi kuti pa zaka mazana ambiri sichidali chinthu chimene munthu ankadzigulira. Chidali chopatsidwa. Wopatsayo ankakhala Eklezia, kapena mfumu, kapena bwana, kapena mbale wochokera kutali, ndipo wolandirayo ankadziwa kuti pamodzi ndi nsaluyo walandiranso udindo.

Zovala za pa guwa

Tiyambe ndi zovala zathu zomwe, ife ansembe, pakuti nkosavuta kuiwala kuti nazonso zidali fashoni tsiku lina. Umboni woyamba wa chikondwerero cha pa 25 Disembala uli m'kalendala ya ku Roma ya chaka cha 354, ndipo mndandanda wa masiku umene uli m'menemo udakonzedwa cha m'ma 336. M'masiku amenewo wansembe wopereka nsembe ya Misa adalibe chovala cha mtundu wakewake. Ankavala zimene ankavala mwamuna aliyense wolemekezeka wa mumzindamo: mkanjo woyera wofika ku mapazi, ndi pamwamba pake chofunda chachikulu chozungulira, choboola pakati popisa mutu. Chofundachi, chimene ankachitcha paenula, poyamba chidali cha pa ulendo ndi cha pa mvula. Pambuyo pake chidatchedwa casula, ndiye kuti kanyumba, popeza munthu ankalowamo yense. M'chaka cha 382 boma lidalamula akuluakulu a bwalo la senate ku Constantinople kuti mumzinda azivala chimenechi m'malo mwa chofunda cha usilikali.

Aepiskopi ena a ku Gaul, kumene lero ndi ku France, atayamba kuvala chofunda ndi lamba monga amonke kuti asiyane ndi anthu wamba, Papa Celestine I adawalembera kalata yowadzudzula m'chaka cha 428. Mfundo yake idali yakuti atsogoleri a Eklezia azisiyana ndi anthu pa chiphunzitso, pa makhalidwe ndi pa kuyera mtima, osati pa zovala. Nanga tsono zidatheka bwanji kuti ife lero tikhale osiyana chotere? Yankho lake ndi lakuti sindife tidasintha. Adasintha ndi anthu. Mitundu ya kumpoto italowa m'dziko la Aroma idabwera ndi malaya aafupi ndi mathalauzi, ndipo achinyamata a ku Roma adakopeka nazo. Boma lidayesa kutseka mtsinje ndi manja. M'chaka cha 397 lidaletsa kuvala thalauzi mumzinda wa Roma, ndipo mu 416 lidaletsa tsitsi lalitali ndi zovala zachikopa. Owerenga athu achikulire, amene adakula m'Malawi thalauzi ili mlandu, aona kuti sitidali oyamba. Malamulowo sadaphule kanthu. Amuna onse adatsata kavalidwe katsopano, ansembe okha natsalira ndi mikanjo ya makolo, ndipo misonkhano ya aepiskopi, monga wa ku Mâcon cha m'ma 581, idawaletsa kuvala za usilikali ndi za anthu wamba. Motero tikavala alba ndi casula usiku wa Khrisimasi, tavala suti ya bwana wa ku Roma wa zaka zoposa 1,500 zapitazo. Chiphunzitso chonse cha matanthauzo a zovalazi, chimene timaphunzira m'seminale, chidabwera pambuyo, zovalazo zitakalamba kale.

Alaliki a nthawi imeneyo sadadane ndi kutchena pa chikondwerero. Maximus, episkopi wa ku Turin, polalika masiku oyandikira Khrisimasi, adakumbutsa anthu ake m'mene akuluakulu a asilikali ndi nduna ankavalira silika ndi malamba agolide pa tsiku lokumbukira kubadwa kwa mfumu ya dziko, nawafunsa kuti nanga pa kubadwa kwa Mfumu yosatha adzakonzeka motani. Caesarius wa ku Arles, amene adamwalira mu 542, adatenga fanizo lomwelo: munthu woitanidwa ku phwando la mfumu amachapa ndi kukonza zovala zake, choncho mkhristu achape mtima wake. Koma Caesarius sadalekere pa mtima pokha. Adauza anthu ake kuti pa masiku amenewa apereke zachifundo mowolowa manja, ndipo aitane amphawi ku chakudya chawo. Chimene adadana nacho kwenikweni ndi mwambo wa pa 1 Januwale, pamene amuna ankavala ngati akazi kapena ngati nyama zakuthengo nkumayendayenda m'misewu.

Chovala chopatsidwa

Chovala chatsopano choyamba chimene tingachitche chachikhristu ndi cha pa ubatizo. Wobatizidwa ankavula zakale zonse, kulowa m'madzi, ndipo potuluka ankavekedwa mkanjo woyera umene ankauvala masiku asanu ndi atatu. Paulo Woyera adali ataphunzitsa kale Agalatiya kuti obatizidwa avala Khristu, ndipo Eklezia idangoonetsa ndi nsalu zimene mtumwi adanena ndi mawu. Apapa ankafuna kuti ubatizo uzichitika pa Pasaka ndi pa Pentekoste pokha. Papa Siricius, polembera episkopi wa ku Tarragona mu 385, adadandaula kuti anthu ambirimbiri akubatizidwa pa Khrisimasi ndi pa Epifania. Koma m'maiko a mishoni lamuloli silinkagwira. Clovis, mfumu ya Afranki, adabatizidwa ku Reims pa tsiku la Khrisimasi, ndipo Papa Gregory Wamkulu adalembera mnzake wa ku Alexandria kuti pa Khrisimasi ya 597 Augustine wa ku Canterbury ndi anzake adabatiza Angerezi oposa 10,000. Kwa anthu otere, Khrisimasi ndi chovala chatsopano zidali chinthu chimodzi, ndipo mfumu ndi kapolo ankatuluka m'madzi atavala zofanana.

M'nyumba za mafumu mwambowu udatenga njira ina. Einhard, amene adalemba mbiri ya Charlemagne, akuti mfumuyi masiku wamba inkavala pafupifupi ngati munthu aliyense wa mtundu wake, ndipo zovala zachilendo inkazinyoza ngakhale zikongole bwanji. Kawiri kokha pa moyo wake idavomera kuvala mkanjo wautali, chofunda ndi nsapato za Chiroma, ndipo kawiri konseko kudali ku Roma, atampempha apapa, poyamba Hadrian, kenaka Leo. Ambiri amaganiza kuti ulendo wachiwiriwo ndi wa Khrisimasi ya chaka cha 800, pamene Leo III adamuveka chisoti chaufumu m'tchalitchi cha Petulo Woyera. Papa adadziwa chimene ankapempha. Mfumu ya Afranki yovala za Chiroma idali itavomera ndi thupi lake kuti tsopano ndi mtetezi wa Roma.

M'zaka zotsatira chidakhala chizolowezi kuti pa Khrisimasi mfumu, episkopi kapena mwini malo aliyense agawire anthu a m'nyumba mwake zovala zatsopano, kuyambira nduna mpaka wa kukhitchini, yense malinga ndi udindo wake. Chidali gawo la malipiro, komanso chizindikiro: wovala nsalu ya bwana ndi munthu wa bwanayo. Matthew Paris, mmonke wa ku St Albans ku England amene ankalemba zochitika za m'nthawi yake, adasimba nkhani imene ikuonetsa bwino kulemera kwa mphatso yotere. Louis IX, mfumu ya ku France, adali atalumbira kuti adzapita ku nkhondo yomenyera Dziko Loyera, koma ambiri mwa asilikali ake apakavalo ankazengereza. Poyandikira Khrisimasi ya 1245, mfumu idasoketsa zofunda zambiri kuposa zaka zonse, za nsalu yabwino kwambiri, nilamula kuti usiku, mobisa, asokerere mtanda wa ulusi wagolide paphewa pa chilichonse. Asilikaliwo adaitanidwa kuti akamve Misa ya mbandakucha pamodzi ndi mfumu, ndipo adalandira zofundazo kukadali mdima. Kutayamba kucha, aliyense adaona mtanda paphewa pa mnzake, kenaka nazindikira kuti ulinso pa lake. Mtandawo udali chizindikiro cha lumbiro la ulendo wa kunkhondo. Kuusomola kukadakhala chamanyazi, ndipo akuti adaseka mpaka misozi, namutcha mfumuyo msodzi wa anthu wa mtundu watsopano. Ulendowo udanyamuka mu 1248, ndipo mu 1250 gulu lankhondolo lidagonjetsedwa ku Egypt, mfumu yomwe nigwidwa. Ambiri mwa amene adapita sadabwerere kwawo. Louis ndi woyera wa Eklezia, ndipo sitikayika za chikhulupiriro chake. Koma nkhaniyi, ngati idachitikadi monga mmonkeyo adailembera, ndi ya munthu wamphamvu amene adakola anzake ndi mphatso.

Mapemphero a Eklezia nawonso adaphunzira kuvula ndi kuvala. Lothar wa ku Segni, asadakhale Papa Innocent III mu 1198, adalemba buku lofotokoza Misa, m'mene adanena kuti ku Roma ansembe ankavala zakuda pa Adventi ndi zoyera pa Khrisimasi. Buku la Misa la 1570 lidakhazikitsa mitundu isanu, Adventi nilandira chibakuwa. Padalinso mwambo wina wokongola umene ansembe achinyamata sadauone. Dalmatika, chovala cha dikoni, ankaiyesa chovala cha chimwemwe, kotero pa Adventi m'matchalitchi aakulu dikoni ankaivula, nkuvala casula yopinda kutsogolo. Ankaivalanso pa Lamulungu lachitatu, tsiku la kukondwa, kenaka pa Khrisimasi. Mwambowu udathetsedwa mu 1960. Ngakhale Francis wa ku Assisi, munthu amene adavula zovala za bambo wake pamaso pa episkopi nasankha chiguduli, pa Khrisimasi ya ku Greccio mu 1223 adavala zovala za udikoni naimba Mthenga Wabwino pafupi ndi chodyera cha ng'ombe. Thomas wa ku Celano akuti Francis ankafuna kuti pa tsikuli olemera akhutitse amphawi, ng'ombe ndi abulu apatsidwe udzu woposa masiku onse, ndipo mbale wina atafunsa ngati nkololedwa kudya nyama Khrisimasi ikagwa pa Lachisanu, adayankha kuti ngakhale makoma ayenera kupakidwa nyama. Umphawi wa Francis sudali wodana ndi phwando.

Kuno kwathu

Amishoni oyamba achikatolika a m'nthawi yathu adafika kuno atavala nawonso zovala za eni ena. Kardinala Lavigerie, poyambitsa chipani cha White Fathers ku Algiers mu 1868, adafuna kuti ansembe ake adye, alankhule ndi kuvala monga anthu a kumeneko: mkanjo woyera, chofunda choyera, kapusi yofiira, ndi kolona m'khosi. Adali kutsata nzeru yakale ya ku Roma, pakuti malangizo a Propaganda Fide a 1659 adali atachenjeza amishoni kuti asanyamule France, Spain kapena Italy kupita nazo ku China, ndipo asasinthe miyambo ya anthu pokhapokha ngati ikutsutsana poyera ndi chipembedzo ndi makhalidwe abwino. Koma chovala chimene ku Algiers chidali cha pamudzi, kwa Mponda, kumene adafika kumapeto kwa Disembala 1889, chidali cha amalonda a ku gombe la nyanja yamchere. Mishoni imeneyo idatsekedwa mu 1891. Pamene a Montfort adakhazikika ku Nzama mu 1901, ndi a White Fathers ku Mua mu 1902 ndi ku Likuni ndi ku Kachebere mu 1903, mkanjo uja udasanduka chizindikiro cha wansembe basi. Zidachitikanso monga ku Roma: chovala cha anthu wamba chidakhala chovala chopatulika chifukwa chosamuka.

Makolo athu sadali osadziwa nsalu. Padali nyanda ndi chiwondo zosula ku makungwa, padali zikopa zofufuta, ndipo Livingstone poyenda m'chigwa cha Shire mu 1859 adapeza Amang'anja akulima thonje, kupota ndi kuluka nsalu m'midzi mwawo. Koma nsalu ya kunja, merikani ndi biriwita, idali itasanduka ndalama. Ndi nsalu ankagula minyanga, ndi nsalu ankagula anthu, ndipo azungu atabwera, antchito a m'minda ndi a pa mishoni ankalipidwa mikwamba ya nsalu. Choncho kuyambira pachiyambi penipeni, munthu wa pa mishoni ankadziwika ndi zimene wavala: nsalu ya malipiro, malaya a mphunzitsi, mendulo kapena mtanda kapena kolona m'khosi zosonyeza pamene wafika pa ulendo wautali wa ukatekumeni. Sitiyenera kudabwa kuti anthu ambiri adamva ngati kulowa Chikhristu ndi kuvala ndi mawu amodzi. Chilankhulo chathu chili ndi liwu lakelake, usiwa, lotchula umphawi wa zovala mosiyana ndi njala, ndipo manyazi ake ndi ena: wanjala angathe kubisa, wausiwa sangathe.

Kuvala kudalinso nkhani ya ulemu pakati pa mitundu. John Chilembwe ku Mbombwe ankalimbikitsa anthu ake kuvala mwaudongo, amuna masuti ndi zipewa, akazi madiresi aatali, monga zithunzi za banja lake zikuonetsera, kuti mzungu asapeze chifukwa chowanyozera. Azungu ambiri sadakondwe nazo. Bungwe lofufuza za kuukira kwa mu 1915 lidamva, pakati pa madandaulo ena, lakuti munthu wakuda wovala chipewa ankakakamizidwa kuchivula akakumana ndi mzungu aliyense pa msewu, mzunguyo osabweza ulemu. Nthawi yomweyo Eklezia idali kulemba malamulo akeake a mitu. Buku la Malamulo a Eklezia la 1917, pa nambala 1262, lidati nkwabwino kuti amuna ndi akazi akhale mosiyana m'tchalitchi, amuna asavale kanthu kumutu pokhapokha ngati mwambo wovomerezeka wa dziko lawo unena zina, ndipo akazi afunde kumutu ndi kuvala modzilemekeza, makamaka polandira Ukaristia. Kuno lamuloli silidavute, pakuti lidapeza amuna ndi akazi akukhala kale padera pa maliro ndi pa bwalo, ndipo duku adalowa m'mwambo ngati kuti adabadwira momwemo. Buku la Malamulo la 1983 lidasiya zonsezi osazitchula, koma m'matchalitchi ambiri a kumudzi mbali ya amayi ndi ya abambo zikadalipo, ndipo alipo akuluampingo amene angalumbire kuti duku ali m'malamulo khumi.

Amene adamangiriza chovala chatsopano ku Khrisimasi m'midzi mwathu, tikuganiza, si amishoni kwenikweni koma anthu a pa ulendo. Kuyambira pamene msonkho udayamba kuthamangitsa amuna m'zaka za m'ma 1890, anthu zikwizikwi adapita ku migodi ya ku Joni, ku mapulazi ndi m'makhitchini a ku Salisbury ndi Bulawayo, ndi ku migodi ya mkuwa ya ku Northern Rhodesia. Kumeneko adaona Khrisimasi ya azungu: tchuthi, ndi kamphatso ka bwana kwa wantchito, kamene Angerezi ankakapereka pa 26 Disembala, ndipo dzina lake lidatsalira m'kamwa mwa ana athu opempha Khrisimasi bokosi m'njira. Wobwerera kumudzi ankafika ndi bokosi lenileni lachitsulo, m'menemo muli bulangete la amayi, jekete la atsibweni, nsalu ya mkazi, timalaya ta ana ndi ta ana a mlongo wake. Wosatha kubwera ankatumiza phukusi ndi mnzake. Tisaiwale kuti Disembala kwathu ndi mwezi wa mvula, wa khasu ndi wa nkhokwe yopepuka. Ndalama za fodya ndi mtedza zimakhala zitatha kale. Chovala chatsopano pa nyengo yotere sichinkachokera m'munda. Chinkachokera kutali, ndipo mwana wochivala pa Misa ankalengeza kwa mudzi wonse kuti bambo wake ali moyo ndipo sadatchone. Mwana wosavala ankalengezanso, mosafuna, uthenga winawo. Apa ndi pamene padayambira manyazi amene tikuwaona lero, ndipo si manyazi a kunyada monga timafulumira kuweruzira pa gome. Ndi manyazi a munthu woiwalika.

Njira ya Wenela idatsekedwa mu 1974, ndege itagwa ku Francistown nkupha anthu a ku Malawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo. Idatsegulidwanso pang'ono mu 1977, nitheratu cha m'ma 1988. Ulendo wa ku South Africa sudathe ayi, ndipo mabasi a mu Disembala amadutsabe pa Mwanza ndi pa Dedza atasenza zikwama mpaka pamwamba. Koma zinthu zina zidasintha. Fakitale ya David Whitehead itayamba kupanga nsalu ku Blantyre mu 1967, chitenje chidafika m'sitolo iliyonse, ndipo kuyambira m'zaka za m'ma 1990 kaunjika adadzaza misika. Chovala chidatsika mtengo, ndipo chimenechi nchabwino. Amene amanyoza kaunjika kawirikawiri ndi amene sadagonepo m'chiguduli. Komatu chitatsika mtengo chidaleka kukhala mphatso ya mbale, nichikhala udindo wa kholo lililonse palokha. Kale mwana wa usiwa ankatha kunena kuti kwathu kulibe wa ku Joni, ndipo anthu ankamvetsa. Lero anthu amati zovala zili mbwee pa msika, nanga awa alephera bwanji? Ena amagulitsa chimanga chimene akadadya mu Febuluwale, ena amatenga katapila.

M'zaka zomwezo boma nalo lidalowerera pa kavalidwe. Lamulo la 1973 lidaletsa akazi kuvala mathalauzi ndi masiketi osaphimba mawondo, amuna nawo naletsedwa kusunga tsitsi lalitali. Lidathetsedwa mu 1993, koma mzimu wake udatsala: mu Januwale 2012 magulu a anyamata ogulitsa malonda adavula akazi ovala mathalauzi ndi masiketi aafupi m'misewu ya ku Lilongwe ndi m'mizinda ina, mpaka amayi adachita msonkhano wotsutsa nkhanzazo ku Blantyre. Tikutchula zimenezi chifukwa mzimu womwewo umafika ndi pa khomo la tchalitchi, makamaka pa Khrisimasi, pamene ana a m'tauni abwera kudzaona makolo. Mkulu wa mpingo woima pakhomo nkumabweza mtsikana chifukwa cha thalauzi amakhulupirira kuti akuteteza mwambo wa Eklezia kapena wa makolo. Kunena zoona akuteteza lamulo la boma limene lidafa zaka zoposa makumi atatu zapitazo. Kudzilemekeza pa kavalidwe ndi chinthu chenicheni, ndipo Eklezia sidaleke kukuphunzitsa. Koma kuphunzitsa kumachitika pa mphakati, m'bungwe la amayi, pakati pa anakubala ndi mwana wawo wa ubatizo, osati pa khomo anthu onse akuona. Mtsikana wobwezedwa pa Khrisimasi kawirikawiri sabweranso pa Pasaka.

Chodabwitsa nchakuti pamene Chipangano Chatsopano chikamba za zovala pa msonkhano wa akhristu mwatsatanetsatane, m'kalata ya Yakobo, wodzudzulidwa si wovala bwino, si wovala nsanza, koma wolandira alendo amene amapatsa wa mphete yagolide mpando wabwino, nauza mmphawi kuti aime uko kapena akhale pansi. Msonkhano Waukulu wachiwiri wa ku Vatican udabwereza zomwezo mu 1963, m'chikalata cha Mapemphero a Eklezia: pa nambala 32 udaletsa kusankha anthu chifukwa cha maina kapena chuma chawo pa miyambo yopatulika, kupatula ulemu woyenera kwa atsogoleri a boma, ndipo pa nambala 124 udafuna kuti zovala za pa guwa zikhale zokongola mwaulemu, osati zodzionetsera. Nambala yachiwiriyi ikutikhudza ife. Nkovuta kudzudzula diresi la mayi wosauka titavala casula imene mtengo wake ungaveke ana a mphakati wonse.

M'maparishi mwathu muli kale zinthu ziwiri zimene zimachepetsa manyazi a usiwa popanda ulaliki uliwonse. Choyamba ndi yunifolomu ya mabungwe, ya amayi achikatolika, ya kwaya, ya ana otumikira ku guwa ndi ovina pa Misa. Ena amaiona ngati kutengera mipingo ina, ndipo nzoona kuti nayo ili ndi mtengo wake umene umalemera ena. Koma tsiku limene amayi avala chitenje chimodzi, mkazi wa mphunzitsi ndi mkazi wa mlonda sasiyana, monga obatizidwa a ku Canterbury aja. Chachiwiri ndi nsalu yoyera ya pa ubatizo, popeza maparishi ambiri amabatiza ana m'nyengo yomweyi. Buku la mwambo wa ubatizo wa ana la 1969 lidati nkwabwino kuti chovala choyeracho chibwere ndi banja la mwanayo. Olemba ake ankaganiza za maiko kumene banja limasunga diresi la ubatizo m'bokosi kuchokera kwa agogo mpaka kwa adzukulu. Kwathu mawuwa atsatidwa mwa njira ziwiri. M'tauni mwanayo amabwera atavala kale zoyera za m'sitolo, zamtengo wosiyanasiyana, ndipo mawu a wansembe onena za chovala chatsopano amagwera pa chovala chimene makolo agula okha. M'matchalitchi ambiri a kunthambi katekisiti amatulutsa m'kabati kansalu kamodzi koyera, kochapa ndi kusita dzulo lake, ndipo wansembe amakaika pa mwana woyamba, nkukachotsa, nkukaika pa wachiwiri, mpaka mzere wonse utatha.